Function yafika mizere 300: tiidule, tiisanje kapena tiisiye?

Mu pulogalamu imene yagwira ntchito zaka zingapo simulephera kupezeka function imodzi (chigawo cha code chokhala ndi dzina lake, chimene chimaitanidwa kuti chigwire ntchito) imene aliyense amaizemba. Inayamba ndi mizere 20. Abwana atapempha kanthu kena, mlembi anaonjezera `if`. Chaka chinacho malamulo atasintha kunabwera `elif`. Lero ili ndi mizere 300, ndipo amene anailemba anakwera mapiri a Thabwa kalekale kukagwira ntchito ina ku Blantyre. Njira zoikonzera zilipo zingapo, koma iliyonse ili ndi nthenda yake imene imachiza. Choyamba ndi kudziwa chimene chatalikitsa function yanuyo, chifukwa utali pawokha si mlandu.

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi a thonje cha ku Ngabu ili ndi pulogalamu ya Python yolipirira alimi. Muli function ya `lipira_mlimi`. Imafufuza mlimi mu database, imaona ngati ndi membala, imachulukitsa makilo ndi mtengo wa giredi A kapena B, imadula ngongole ya mbewu ndi mankhwala opopera, imadula msonkho, imatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, imalemba risiti, pomaliza imatumiza SMS. Zonsezi m'thumba limodzi. Njira zonse m'munsimu tiziyesa pa function imeneyi.

Muyeze kaye, muitchinge ndi ma test

Mu 1976 Thomas McCabe anapereka njira yowerengera kupiringizika kwa function: yambani ndi 1, onjezerani 1 pa `if`, `elif`, `for`, `while` ndi `except` aliyense. Zida zina zimawerenganso `and` ndi `or`. Iye anati function ikadutsa 10 yayamba kuvuta. Pa Python lamulo la `radon cc -s fayilo.py` limakupatsani nambalayi pamodzi ndi chilembo, A kwa 1 mpaka 5, B kwa 6 mpaka 10, mpaka F kwa zodutsa 40. Pylint, chida choyendera code ya Python, ikangoikidwa imadandaula nthambi zikadutsa 12, ma variable a m'kati akadutsa 15, ma parameter akadutsa 5, kapena ma statement akadutsa 50. Pa JavaScript, lamulo la `complexity` la ESLint mukaliyatsa limayambira pa 20.

Nambalazi muzizimva bwino. Ma `if` 10 otsatizana, osadalirana, amapereka 11 basi, koma njira zimene pulogalamu ingadutse ndi 1,024. Komanso function ya mizere 120 yongodzaza fomu mzere ndi mzere, yopanda `if` ndi mmodzi yemwe, imapereka 1, ndipo imawerengeka ngati kalata. Choncho nambala ikuuzeni koyang'ana, chigamulo mupereke nokha mutawerenga.

Ntchito imene tikukambayi imatchedwa refactoring, kusintha kamangidwe ka code osasintha zimene imachita. Popanda chokutsimikizirani kuti zochita sizinasinthe, mukungoyenda mumdima. Michael Feathers, m'buku lake la mu 2004 lonena za code yakale, anafotokoza ma test ongojambula zimene code ikuchita lero, kaya ndi zolondola kaya ndi zolakwika. Pa `lipira_mlimi` zimayenda chonchi. Tengani marisiti a nyengo yathayi, mazana angapo, muchotse mayina ndi manambala a foni. Onetsetsani kuti muli mlimi wopanda ngongole, wa ngongole yoposa malipiro ake, wa giredi B yekhayekha, wa makilo 0, ndi amene si membala. M'malo mwa function yotumiza ndalama ndi ya SMS ikani zabodza zongolemba zimene zauzidwa (pa pytest, `monkeypatch` amagwira ntchitoyi). Yendetsani function yakale pa risiti iliyonse, sungani zotuluka mu fayilo ya CSV, ndipo test yanu izingofananiza zatsopano ndi zosungidwazo. Kenaka `coverage run --branch` ikuonetseni nthambi zimene palibe risiti yadutsamo, mupangire zitsanzo zake pamanja.

Mukapeza cholakwika pa nthawi imeneyi, chilembeni pambali, musachikonze lero. Mukasakaniza kukonza cholakwika ndi kusanja code, test ikafiira simudziwa ngati yafiira chifukwa mwakonza kapena chifukwa mwaononga.

Kubweza msanga: njira yotchipa kuposa zonse

Ngati function yanu ikuoneka ngati masitepe otsetserekera kumanja, nthenda yake ndi ma `if` olowerana. Kalembedwe ka kernel ya Linux kamanena mosabisa kuti code yolowa m'kati kuposa katatu iyenera kukonzedwa. Yathuyi ili chonchi:

```python
def lipira_mlimi(nambala, makilo, giredi):
    mlimi = db.peza_mlimi(nambala)
    if mlimi is not None:
        if mlimi.membala:
            if makilo > 0:
                ...  # mizere 250 yowerengera ndi kulipira
            else:
                return "makilo ndi olakwika"
        else:
            return "si membala"
    else:
        return "mlimi sakupezeka"
```

Wowerenga akafika pa `else` womaliza amakhala ataiwala kuti ndi wa `if` uti. Tembenuzani mafunsowo kuti zokanidwa zituluke pakhomo pomwepo:

```python
    if mlimi is None:
        return "mlimi sakupezeka"
    if not mlimi.membala:
        return "si membala"
    if not makilo > 0:
        return "makilo ndi olakwika"
```

Ntchito ya mphindi 15, mizere 250 ija yabwerera kumanzere, ndipo palibe function yatsopano yofuna dzina. Koma onani funso lachitatulo. Ambiri akanalemba `makilo <= 0`, poganiza kuti ndi chimodzimodzi. Si choncho. Makilo akachokera ku fayilo ya Excel kudzera pa pandas, bokosi losadzazidwa limasanduka NaN, chizindikiro choti si nambala, ndipo mukafunsa ngati NaN ndi wamkulu, wochepa kapena wofanana ndi nambala iliyonse amayankha kuti ayi. Code yakale inkamukana chifukwa `makilo > 0` ndi bodza. Ya `makilo <= 0` imamulola kudutsa, chifukwa nayonso ndi bodza, ndipo NaN amalowa m'masamu a malipiro. Potembenuza funso lokhala ndi `and`, kumbukiraninso kuti `not (a and b)` ndi `not a or not b`. Apa ndi pamene anthu amagwa kwambiri.

Msampha wina uli kumapeto kwa function. Ngati kumeneko kuli mzere wotseka fayilo kapena womasula database, `return` wanu watsopano aulumpha. Musanayambe, usamutsireni mu `with` kapena `finally`. A PHP asamalenso ndi `==` ndi `empty()`: `empty("0")` amayankha kuti inde, choncho makilo olembedwa "0" ndi bokosi lopanda kanthu zimaoneka zofanana.

Njirayi sichepetsa ntchito za function. Ikadali kuwerengera, kulipira ndi kutumiza SMS. Yangoongola msana.

Kudula zidutswa n'kuzipatsa mayina

Iyi ndiyo njira imene aliyense amaidziwa, ndipo Martin Fowler anaiika patsogolo m'buku lake la refactoring la mu 1999, limene analembanso mu 2018 ndi zitsanzo za JavaScript. Mumatenga mizere yochita chinthu chimodzi, mumaipanga function yake, pamalo pake pamatsala dzina. Funso ndi podula. Nzimbe timathyola pa mfundo, nayonso code ili ndi mfundo zake: pamene mlembi anasiya mzere wopanda kanthu, pamene anaika ndemanga yonga `# dulani ngongole`, m'kati mwa `for`, kapena pamene variable ina yatha ntchito ndipo sionekanso kumunsi. Ndemangayo kawirikawiri ndiyo dzina la function yatsopano.

Musanadule, werengani zinthu ziwiri: ma variable amene chidutswacho chikuwerenga kuchokera kunja, ndi amene chikusintha kuti ena awagwiritse ntchito kumunsi. Oyambawo akhala ma parameter, achiwiriwo ayenera kubwezedwa. Tiyerekeze kuti kopaletivi inagwirizana kuti ngongole isadye kuposa theka la malipiro:

```python
def dula_ngongole(ndalama, ngongole):
    zodula = min(ngongole, ndalama // 2)
    return ndalama - zodula, ngongole - zodula
```

Zolowa ziwiri, zotuluka ziwiri, dzina lomveka. Apa mwadula pabwino. Koma mukaona kuti chidutswa chikufuna ma parameter 8 ndipo chikusintha ma variable 4, mwadula pakati pa ntchito. Bwererani, yesani malire ena, kapena pitani ku njira zili kumunsizi.

Zimene zimaonongeka pano n'zodziwika. Pa Python, mukalemba `ngongole = ngongole - zodula` m'kati mwa function yatsopano n'kuiwala kubweza, ya kunja imakhala momwe inalili, pulogalamu siidandaula, ndipo mlimi adzadulidwanso ngongole yomweyo ulendo wotsatira. List ndi dict zimachita zosiyana: mukazisintha m'kati zimasinthikanso kunja, ngakhale simunafune. Chidutswa chokhala ndi `return`, `break` kapena `continue` sichisamuka mwachisawawa, chifukwa `return` amene ankathetsa function yonse tsopano angothetsa kachidutswako, ntchito n'kupitirira mpaka kulipira munthu amene anayenera kukanidwa. Zida zimathandiza pa zimenezi. Pa PyCharm, IntelliJ ndi Android Studio, sankhani mizereyo mudine Ctrl+Alt+M, ndipo chidacho chiwerenga chokha zolowa ndi zotuluka, chikaona kuti sizitheka chikana. Pa VS Code ndi Ctrl+Shift+R. Chida chikakana, mverani.

Palinso nkhani ya matambala. Pa kompyuta 0.1 + 0.2 amapereka 0.30000000000000004, ndipo `round` wa Python 3 amatenga 2.5 n'kupereka 2, pomwe 3.5 amapereka 4. Ngati code yakale inkadula msonkho kenaka n'kuzungulitsa nambala kamodzi kumapeto, ndiye inu mwaika `round` m'chidutswa chilichonse, malipiro asiyana ndi tambala imodzi kapena kwacha imodzi apa ndi apo. Mlimi sangaone, koma msungichuma potseka mabuku aona, ndipo adzafunsa. Kusamukira ku `Decimal` kapena kuwerengera m'matambala athunthu n'kwabwino, koma ndi kusintha zochita, choncho kukhale ndi tsiku lake.

Kudula kumathanso kupitirira muyezo. John Ousterhout wa ku Stanford, m'buku lake la mu 2018, anatsutsa chizolowezi chophwanya code kukhala tizidutswa tambirimbiri tosabisa kanthu. Ali ndi mfundo. Function ya mizere 300 ikasanduka ma function 40 a mizere 7, oitanana mozungulira, wowerenga amalumpha mafayilo ngati chiwala ndipo samvabe chimene chikuchitika. Muyezo wabwino ndi uwu: ngati munthu angawerenge dzina lokha n'kupitirira osatsegula m'kati, chidutswacho n'choyenera. Mayina onga `gawo_2`, `thandizo` kapena `chita_zina` akukuuzani kuti mwangosamutsa chisokonezo. Dzina likafuna "ndi" pakati, monga `dula_ngongole_ndi_kutumiza_sms`, muli ntchito ziwiri. Za liwiro musade nkhawa. Kuitana function kumadya nthawi yochepetsetsa poyerekeza ndi ulendo umodzi wopita ku database kapena pa intaneti.

Kulekanitsa kuwerengera ndi kutumiza

Pa njira zonsezi, iyi ndiyo timaiika patsogolo kwa aliyense amene pulogalamu yake imagwira ndalama kapena netiweki. M'malo mofunsa kuti chidutswa chiti chipatsidwe dzina, mumafunsa kuti mizere iti ikukhudza za kunja, monga database, foni, intaneti, wotchi, ndipo iti ikungochita masamu. Kenaka mumasanja magawo atatu: kutenga zofunika, kuwerengera, kutulutsa.

```python
def lipira_mlimi(nambala, makilo, giredi):
    mlimi = db.peza_mlimi(nambala)
    malipiro = werengera(mlimi, makilo, giredi, MITENGO, date.today())
    if malipiro.chokanira:
        return malipiro.chokanira
    tumiza_ndalama(malipiro)
    db.sunga_risiti(malipiro)
    tumiza_sms(malipiro)
```

`werengera` sakhudza chilichonse cha kunja. Mukamupatsa zolowa zomwezo, ayankha chimodzimodzi lero ndi mawa. Ma test ake safuna database kapena zabodza zilizonse, ndipo mazana a iwo amatha m'kanthawi kochepa pa laputopu yakale, ngakhale bando itatha. Onani kuti tsiku likulowa ngati parameter. `date.today()` wobisika pakati pa masamu ndiye amachititsa test yodutsa mu Meyi kufiira mu Juni.

Phindu lalikulu likuonekera pa netiweki. Kalaliki ali pa sikelo ku Makhanga kapena kumidzi ina ya kutsidya kwa Shire, wadina batani, ndalama zapita, koma yankho silinabwerere chifukwa netiweki yathawa. Pulogalamu yanena kuti zalephera, iye wadinanso. Mu function ya mizere 300, pamene kutumiza ndalama kuli pa mzere 180, pakati pa masamu a msonkho ndi a ngongole, n'kovuta kuona kuti mlimi alandira kawiri pomwe risiti ndi imodzi. Mu mizere isanu ndi iwiri ili pamwambayi vutoli likuonekera poyera: ndalama zikutuluka risiti isanasungidwe. Mankhwala ake ndi kusunga risiti poyamba ili ndi nambala yake ndi chizindikiro choti ikudikira, kutumiza ndalama ndi nambala yomweyo, ndipo musanatumizenso mufunse kaye ngati nambala imeneyo inalipidwa. Koma dziwani kuti kutembenuza mizere iwiriyo ndi kusintha zochita. Malizani kusanja mu dongosolo lakale, ma test adutse, pangani commit (kusunga sitepeyo mu Git, chida chosunga mbiri ya code), kenaka mukonze za kulipira kawiri mu commit ina.

Mtengo wa njirayi ndi wokwererapo. Imatenga tsiku kapena masiku, chifukwa kufunsa database kumakhala kutamwazikana m'nthambi zosiyanasiyana. Mukakokera mafunso onse pamwamba, mukhoza kuyamba kufunsa zinthu zimene kale zinkafunsidwa kwa alimi ochepa okha, monga mbiri ya ngongole ya zaka zonse, ndipo pulogalamu ichedwa. Onaninso malire a transaction, gulu la zosintha mu database zimene zimasungidwa zonse pamodzi kapena kukanika zonse. Ngati kuchepetsa ngongole ndi kulemba risiti zinali mu transaction imodzi, zikhalebe momwemo, apo ayi magetsi akazima pakati ngongole itsika popanda risiti. Pakati pa magawo atatuwa pamafunika chonyamulira. `dataclass`, imene inabwera ndi Python 3.7, ndiyokwanira, ndipo `frozen=True` amaletsa gawo lotumiza kusintha nambala zimene gawo lowerengera latulutsa.

Tebulo kapena ma class, pamene nthambi zachuluka

Kopaletivi yayamba kugulanso chitowe, mapira ndi nandolo. Function yatalika chifukwa cha `if mbewu == "thonje"`, `elif mbewu == "chitowe"`, ndipo mndandanda womwewo ukubweranso pa msonkho ndi pa uthenga wa SMS. Apa kudula zidutswa sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mungogawa mndandandawo m'malo ambiri.

Ngati nthambizo zikusiyana nambala kapena mawu okha, ikani mu tebulo:

```python
MITENGO = {
    ("thonje", "A"): MTENGO_THONJE_A,
    ("thonje", "B"): MTENGO_THONJE_B,
    ("chitowe", "A"): MTENGO_CHITOWE,
}
mtengo = MITENGO[(mbewu, giredi)]
```

Mauthenga a SMS a m'Chichewa ndi m'Chisena amalowanso bwino mu tebulo lotere. Ubwino wake ndi woti tebulo lingasamukire mu database, mitengo ya chaka chino n'kumalowetsedwa ndi a mu ofesi popanda kuitana wolemba pulogalamu. Chosamala nacho ndi `else` wakale. Pitani mukaone chimene ankachita ndi giredi yosadziwika. Ngati ankakana, `MITENGO[...]` aponya `KeyError` amene muyenera kumugwira n'kubweza uthenga womwe uja. Mukalemba `MITENGO.get(..., 0)` pofuna kuthawa `KeyError`, giredi yolembedwa "a" m'malo mwa "A" ipereka malipiro a K0 mwakachetechete. Komanso tebulo la mtundu uwu silisunga dongosolo la mafunso. Nthambi zonga `makilo > 1000`, kenaka `makilo > 500`, zimadalira kuti loyamba lifunsidwe poyamba, ndiye zimafuna list yosanjidwa, osati dict.

Ngati mbewu iliyonse ili ndi kawerengedwe kakekake, thonje lili ndi magiredi ndi ngongole ya mankhwala, chitowe chimachotsedwa makilo a zinyalala, ndiye class ya mbewu iliyonse, yokhala ndi ma method a mayina ofanana, imachotsa mindandanda yonse ija nthawi imodzi. Mbewu yatsopano ikabwera mumalemba class imodzi, zakale simuzigwira. Koma n'zolemera. Malamulo amene munkawaona pa tsamba limodzi tsopano ali m'mafayilo anayi, ndipo lamulo latsopano lokhudza mbewu zonse limafuna kuti mutsegule class iliyonse. Ife timati mndandanda wa `elif` ukakhala pamalo amodzi okha, usiyeni, kapena muulembe ndi `match` wa Python 3.10. Ukaoneka malo atatu, ma class ayamba kulipira mtengo wake.

Pali njira ina ya class imene imatchulidwa function ikakhala ndi ma variable 20 olukanalukana moti palibe podula. Mumasandutsa function yonse kukhala class, ma variable onse n'kukhala a `self`, kenaka mumadula ma method opanda ma parameter. Imagwira, koma ndi mlatho wongowolokerapo. Mukaima pomwepo, method iliyonse ingathe kusintha chilichonse, ndipo kutsata amene wasintha `self.ndalama` kumavuta kuposa kale.

Kulemba mwatsopano, kapena kusiya

Wolemba pulogalamu aliyense akaona code ya mnzake amalakalaka kufufuta n'kuyambiranso. Pa function yogwira ndalama, imeneyi ndiyo njira yoopsa kwambiri. Ma `if` ooneka opusa aja nthawi zambiri ali ndi mbiri. Mukhoza kupeza mzere wosadula ngongole kwa alimi a midzi ina pa malipiro a 2023, n'kuuona ngati zinyalala, chonsecho unalembedwa komiti itagwirizana zopepukitsa anthu amene minda yawo inakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi chaka chimenecho, ndipo malipoti akale akudalirabe mzerewo. Musanafufute chilichonse, `git blame` akuuzeni tsiku limene unalowa, kenaka mufunse alembi a komiti kapena amene akhalitsa mu ofesi. Ngati kulemba mwatsopano sikungapeweke, yendetsani zonse ziwiri limodzi kwa kanthawi: yakale izilipira, yatsopano izingowerengera n'kulemba mu log pamene zasiyana. Kusiyana kukatha, sinthanitsani. Zida za AI zimene zimasanja function yonse kamodzi zili m'gulu lomweli. Zotuluka zake zimaoneka zaudongo, koma zimatha kugwetsa nthambi imodzi osanena, choncho zidutse pa ma test omwe aja, ndipo mayina ndi manambala a alimi asapite nawo.

Kusiya nakonso ndi njira, ndipo nthawi zina ndiyo yanzeru. Function yoipa imene palibe waigwira zaka zitatu, ndipo palibe akufuna kuisintha, sikudyerani kanthu. Lamulo ili likuonetsani mafayilo amene amasinthidwa kawirikawiri:

```
git log --format= --name-only | sort | uniq -c | sort -rn | head
```

Fayilo imene ili pamwamba pa mndandandawu komanso ili ndi D kapena F pa radon, yambirani pamenepo. Nyengonso muiganizire. Misika ya thonje ikatsegulidwa, alimi ali pamzere padzuwa la ku Ngabu kudikira ndalama zawo, si nthawi yogwira `lipira_mlimi`. Dikirani msika utseke.

Dongosolo la ntchito

Pa function ngati yathuyi timayamba ndi ma test, kenaka kubweza msanga chifukwa n'kotchipa ndipo kumaonetsa mfundo zodulira. Kenaka kulekanitsa masamu ndi za kunja. Zikatero `werengera` amatsala mwina ndi mizere 120 ya masamu okhaokha, ndipo kudula `dula_ngongole` ndi `dula_msonkho` kumakhala kosavuta poti palibenso database yolowerera. Tebulo limabwera pamene mwaona mndandanda wobwerezedwa. Ma class amakhala omaliza, ngati afunika n'komwe. Amene amayamba ndi kudula zidutswa asanalekanitse za kunja amapeza kuti kachidutswa kalikonse kali ndi `db` m'kati, ndipo palibe kamene kangayesedwe pakokha.

Sitepe iliyonse ikhale yaing'ono: sinthani chinthu chimodzi, yendetsani ma test, pangani commit. Git safuna intaneti kuti asunge commit, ndiye magetsi akazima kapena batire ikatha mumataya ntchito ya mphindi zochepa zokha. Test ikafiira ndipo mphindi 10 zapita musanaone chifukwa, `git restore` akubwezereni pomwe munali, muyesenso ndi sitepe yocheperapo. Mnzanu woona ntchito yanu agwiritse `git diff -w`, amene sawerengera mipata, apo ayi kubweza msanga kuja kudzaoneka ngati mwasintha mizere 250 yonse. Ndipo cholakwika chikadzatulukira patapita mwezi, `git bisect` amachipeza msanga pakati pa ma commit 30 ang'onoang'ono, pomwe commit imodzi yaikulu yolembedwa "kukonza code" sikuuzani kalikonse.

Kuti function isadzakulenso, ikani malire m'chida choyendera code. Pa pulogalamu yakale musayambe ndi 10, chifukwa madandaulo adzakhala mazana ndipo aliyense adzangowazimitsa. Ngati function yoipitsitsa ili pa 38, lembani `flake8 --max-complexity 38`, kuti pasapezeke yoposa pamenepo. Mukaikonza, tsitsani malirewo afike pa yotsatira, mwina 24, kenaka 17. Function imene mwasankha dala kuisiya muiike `# noqa: C901` pa mzere wa `def`, ndi ndemanga yaifupi yonena chifukwa chake ndi tsiku limene munagwirizana zimenezo.